Masese a kwa Malemu

Ulendo umenewu unayamba ndi mkangano wa pa bawo. Masiku amenewo ndinkakhala ku Zingwangwa, ndipo ndinkagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Chirimba, kupanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Loweruka masana tikaweruka, ine ndi anzanga tinkasonkhana kuseri kwa kagolosale kena kufupi ndi msika, pansi pa mtengo wa mango, n'kumasewera bawo uku tikumwa mowa wa m'mapaketi, uja wogwedeza usanatsegule. Zinali zaka zija zimene timasacheti ta mowa waukali tinadzaza paliponse, anyamata akuyenda nato m'masokosi. Ife tinkadziona ngati anthu olongosoka chifukwa tinkamwa wathu wa chimanga.

Amene anatisokoneza anali mkulu wina wopuma pantchito ya njanji, munthu wamtali wa imvi, wosafuna kugonja pa bawo ngakhale pa nkhani. Tsiku lina anamwa pang'ono n'kulavulira pansi.

"Ana inu mumati uwu ndi mowa?" anatero. "Ili ndi phala la odwala. Mowa weniweni umafululidwa ndi amayi, pa nkhuni, ndi chimera cha mawere chimene anyika okha. Ukamwa umamva fungo la utsi, ndipo mawa lake umadzuka mutu uli bwinobwino."

Mnzathu wina, kalipentala wa ku Bangwe wokonda zotsutsa, anaseka. "Ndiye mutitengere kumeneko, madala, tikaone ngati si nkhani za m'maluwa."

Nkhani inakula mpaka tinagwirizana. Galimoto inalipo: mnzathu wina wa ku Ndirande, Msilamu, anali ndi pikapu yonyamulira mchenga ndi njerwa. Iyeyo sankamwa, ankabwera chifukwa cha bawo basi. Anati apita nafe kuti azikatitola tikagwa.

Wachisanu pagulu lathu anali a telala. Ndiyenera kufotokoza za iwo bwino, chifukwa nkhaniyi ndi yawo kuposa mmene ilili yanga.

M'nyumba yoyandikana ndi yanga munkakhala mnzanga wina wa ku Nsanje. Tinkagwira limodzi ku Chirimba, ndipo ndinalipo tsiku limene makina odulira chitsulo anamudula nsonga ya chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Ndine ndinamumanga ndi malaya anga n'kuthamanga naye kuchipatala. Ntchito itayamba kusowa, anapita ku Joni monga ankachitira ambiri, n'kusiya mkazi ndi ana aakazi awiri. Poyamba zinkayenda. Ankatumiza mabulangete, wailesi, nsapato za ana. Kenako kunabuka chipolowe chija chimene eni dziko ankathamangitsa alendo ndi kuwotcha tinyumba tawo. Anthu ambiri anabwerako pa mabasi, ena ali ndi zovala zokhazo zimene anathawa nazo. Iye sanabwere. Mmodzi mwa obwerawo, amene ankakhala naye dera limodzi, anafika ku Zingwangwa n'kunena kuti anamuona ndi maso ake atagona mumsewu, mutu uli magazi okhaokha, osagwedezeka, ndipo kuti mitembo inadzatengedwa ndi galimoto. Tinadikira miyezi. Foni yake sinkapezeka. Pomaliza abale ake anabwera kuchokera ku Nsanje n'kunena kuti maliro akhuzidwe.

Tinakhuza maliro opanda bokosi. Ine ndinawaza nkhuni ndi kunyamula mabenchi kuchokera kutchalitchi. Amayi anaimba, ansembe anachita Misa, mayi ake omubereka anakomoka pakhonde tikuwathira madzi. Mkazi wake anavala zakuda chaka chathunthu. Kuyambira pamenepo, tikafuna kumutchula tinkangoti malemu.

A telala anali ndi makina awo pakhonde la sitolo ina pamsika. Anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa mawu, ndipo akazi awo oyamba anali atamwalira kalekale. Ndi iwo ankasoka mayunifolomu a ana a malemu. Patapita zaka anafunsira mayi wamasiyeyo, kudzera kwa achimwene ake monga mwa dongosolo, ndipo anakwatirana pa tchalitchi, ine ndili mboni yawo. Ana aakazi aja anazolowera kuwaitana kuti ababa. Pa nthawi ya ulendo wathu m'nyumbamo munali kale kamwana kakamuna kongoyamba kuyenda. A telala sankamwa kwenikweni, paketi imodzi inkawakwanira masana onse. Anapita nafe chifukwa akazi awo ndi amene anawakankha. "Pitani mukapitidwe mphepo," anawauza, "mwakhalitsa pa makina."

Tinanyamuka Loweruka lina m'nyengo yozizira, anthu atakolola. Mkulu wa kunjanji anakhala kutsogolo ngati mwini ulendo, ife atatu kumbuyo pa matayala akale, titadzikuta majekete. Tinadutsa Chirimba ndi Kameza n'kulunjika ku Lunzu, kalipentala akukuwiza aliyense amene tinkamupitirira.

Malo oyamba anali kuseri kwa Lunzu, nyumba ya malata yokhala ndi wailesi yaphokoso yoyendera batire la galimoto. Mowa unali m'diramu la pulasitiki, akutunga ndi jagi. Mkulu wa kunjanji ananunkhiza asanamwe.

"Muli shuga ndi isiti umu," anatero. "Awa aphunzira za m'tauni. Tiyeni."

Kalipentala anadandaula kuti kwa iye unali wabwinobwino, koma tinamukoka.

Titadutsa Lirangwe tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, pakati pa minda ya nandolo ndi mitengo ya malambe. Tinafunsa anthu okwera njinga, iwo n'kutilozera pa mtengo waukulu wa bwemba pamene panakhala madoda angapo pa zipika. Kumeneko mowa unali mumtsuko weniweni, wakuda ndi mwaye. Mayi wofulula anatunga m'chipanda, anayamba wamwa yekha kuti tione kuti mulibe choipa, n'kupereka kwa mkulu wathu. Iye anamwa atatseka maso.

"Uwu ndiye," anatero pomaliza, akupukuta ndevu.

Chipanda chitafika kwa ine ndinavomereza mumtima kuti madalawo sankanama. Unali wolemera, wowawasa pang'ono, wofunda ngati wangochoka kumene pamoto, ndipo fungo la utsi lija linalimodi. Masese ake ankatsalira pa lilime ngati mchenga wofewa. Panali munthu wootcha kanyenya wa mbuzi, tinadya ndi mchere ndi tsabola pa pepala. Dalaivala wathu anapatsidwa thobwa, ndipo nthawi itakwana anayala kamkeka kake kuseri kwa pikapu n'kupemphera. Ngakhale a telala anamasuka tsiku limenelo. Ndinawamva akuimba kanyimbo kakwawo, akuwomba m'manja pang'onopang'ono, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Ndiye doda wina wovala chikhothi chachikulu, atamva chimene tinadzera, anapukusa mutu. "Ngati mwabwerera mowa, simunamwe. Wolokani mtsinje uwo, mukafunse kwa mayi amene anakwatiwa ndi munthu wa ku chigwa. Ameneyo amasakaniza ndi mapira. Mukakalawa simukafunanso uno."

Dzuwa linali litapendeka. A telala anati ndi bwino tizibwerera, ali ndi madiresi a ukwati oti amalize. Mkulu wa kunjanji anakana. "Amodzi okha omaliza. Tafika kale kuno."

Mtsinje unali wouma, mchenga wokhawokha, moti tinatsika n'kukankha pikapu. Kutsidya kunali nyumba ya zidina yofolera udzu, bwalo losesedwa bwino, khola la mbuzi, ndi chisakasa chimene munakhala omwa ochepa. Mayi wofululayo, wamfupi, mwana ali kumbuyo, anatilandira n'kutipatsa mipando. A telala anatipempha kuti tiyambe, iwo n'kupita kutchire kukataya madzi. Mayi uja anaitanira m'nyumba:

"Bambo, alendo a m'tauni! Bweretsani wa mumtsuko waukulu uja."

Munthu anatuluka chowerama pakhomo, atanyamula ndowa ndi chipanda. Ankatsimphina mwendo wakumanzere. Anavala chipewa cha mlaza chotsikira kumaso, nkhope ili ndevu zokhazokha. Sanatiyang'ane. Ananjuta, anatunga, anamwa pang'ono monga mwa mwambo, anapukuta m'mphepete mwa chipanda ndi dzanja n'kundipatsira ine, chifukwa ndine ndinali pafupi. Ndinatambasula manja kuti ndilandire. Ndi pamene ndinaona chala chamkombaphala chopanda nsonga, chodukira chopendekeka, ndendende mmene makina aja anadulira.

Ndinakweza maso. Iyenso anakweza ake. Diso limodzi linali loyera, lakufa. Linalo ndinkalidziwa.

"Amwene," anatero, motsitsa.

Mawu anali omwe aja. Chipanda chinagwa pakati pathu, mowa n'kutayikira pa nsapato zanga. Kalipentala, amene anali pambali panga, anasuzumira pansi pa chipewa chija n'kukuwa kuti, "Mzukwa! Mayo ine, mzukwa!" Anadumpha mpando n'kuthamangira kukhola, mbuzi n'kubalalika. Mkulu wa kunjanji anaimirira, anachita chizindikiro cha mtanda, anakhalanso pansi, n'kuchitanso china. Tonsefe tinalipo pa maliro a munthu ameneyu. Tonsefe tinadya nyemba za pa maliro ake.

Amene anakhala ndi mtima anali dalaivala, mwina chifukwa ndi yekhayo amene m'mutu mwake munalibe mowa. Anayandikira, anagwira mkono wa munthuyo n'kuufinya.

"Ndi wofunda uyu," anatero. "Ali moyo."

Mayi wofulula uja anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Bambo, kodi alendowa mukuwadziwa?"

Mwamuna wake anali chinjutire, manja ali pa ndowa.

"Mayi," anatero mkulu wa kunjanji, "amuna anuwa ife tinawalira maliro ku Zingwangwa. Misa inachitika."

Omwa a m'chisakasa anayamba kunong'onezana. Wina anatchula za ndondocha, anthu aja amati amaphedwa m'matsenga n'kumakagwiritsidwa ntchito kwina, ndipo awiri ananyamuka mwakachetechete osamaliza mowa wawo.

Nthawi yomweyo a telala anatulukira kuseri kwa pikapu, akumanga lamba, akumwetulira.

"Bwanji mwataya mowa?" anafunsa. "Mwaledzera kale?"

Ndinkafuna kuwathamangira, kuwatembenuza, kuwakweza mu galimoto asanaone, koma ndinachedwa. Malemu, pakuti sindinkadziwa kuti ndimutchule bwanji, anavula chipewa n'kuimirira.

A telala sanakuwe ndipo sanathawe. Kumwetulira kuja kunakhalabe pankhope pawo kanthawi, ngati kwaiwalika pamenepo. Kenako anakhala pansi pa fumbi pomwepo, miyendo atatambasula ngati mwana, nsonga ya lamba idakali m'manja.

Tinapita kuseri kwa nyumba, kutali ndi makutu a omwa. Ena tinakhala pa mtondo wogoneka, ena pa miyala. Kalipentala anabwerako, koma anaima patali, sanafune kuyandikira. Malemu anatiuza nkhani yake akuyang'ana pansi.

Anamumenyadi tsiku lija, anatero, ndipo anakomoka. Anatsitsimukira m'chipatala, mwendo utathyoka, diso litaphulika. Anakhalamo miyezi, kenako anamutsekera kumalo osungirako anthu opanda mapepala, ndipo kumeneko anakhalanso nthawi yaitali asanamukweze basi yobwerera kuno. Mu basimo anakumana ndi munthu wina wa ku Chilomoni amene anali atangopita ku Joni posachedwa n'kugwidwa. Munthuyo atamuzindikira anatsala pang'ono kudumphira pawindo. Ndi ameneyo anamuuza kuti maliro ake anakhuzidwa kale.

"Ndinalibe kanthu, amwene," anandiuza. "Ngakhale kajumbo. Ndodo yokha. Ndi diso limodzi ndani akanandipatsanso ntchito yowotcherera? Munthu amene ndinakhala naye mpando umodzi, mlongo wake wa mayi a pakhomo pano, ankatsikira pa Lirangwe. Anati tiye ukapume kwathu mwendo ukhaleko bwino, usakafike kwanu ngati chonchi. Ndinati ndikhala sabata."

"Sabata!" ndinakuwa. Mantha aja anali atasanduka ukali. "Ine ndinawaza nkhuni pa maliro ako! Mayi ako anakomoka m'manja mwanga! Pano ndi ku Zingwangwa ndi kutali bwanji? Minibasi ziwiri zokha!"

"Ndinabwera," anatero.

Tonse tinamuyang'ana.

"Mwendo utalimba ndinabwera. Ndinafika pamsika. Ndinawaona mayi a ana, atavala zakuda, akugulitsa tomato. Anthu ankagula kwa iwo, ankawapatsa ulemu, amayi a kutchalitchi akucheza nawo. Ndinadziyang'ana ine, zigamba, ndodo, diso ili. Ndinaona kuti wakufa uja akuwathandiza kuposa mmene ndikanawathandizira ine wamoyo. Ndinati ndibwera ndikapeza kenakake. Ndinabwerera."

A telala anali atatola kamtengo n'kumakathyolathyola. Ndiye anafunsa, mawu awo ofatsa omwe aja ngati akufunsa kasitomala za muyezo wa thalauza:

"Mukudziwa kuti ndine ndani m'nyumba mwanu tsopano?"

"Ndikudziwa, achimwene."

"Munamva liti?"

"Munthu wina wa m'mudzi muno amakankha makala pa njinga mpaka ku Zingwangwa. Anabwera nayo nkhani pa mowa, kuti telala wa pamsika akukwatira mayi wamasiye amene mwamuna wake anafera ku Joni. Sankadziwa kuti akuuza ndani. Tsiku la ukwati ndinalipo."

Anatembenukira kwa a telala.

"Ndinaima kutsidya kwa msewu, pamene amagulitsa nzimbe. Inu munavala suti yotuwa. Amwene awa anali pambali panu. Ana anga ananyamula maluwa."

Zonse zinali zoona. Suti yotuwayo a telala anasoka okha. Ndipo ndinakumbukira kuti potuluka m'tchalitchi panalidi anthu ambiri oonerera kutsidya kwa msewu, monga zimakhalira pa ukwati uliwonse, ndipo ine ndinawakwezera dzanja.

"Ansembe analengeza," anatero a telala. "Anafunsa pamaso pa anthu onse ngati alipo wodziwa choletsa. Inu munali panja pomwepo. Bwanji simunawoloke msewu?"

"Ndinaona ana akuseka," anayankha malemu. "Anali atanenepa. Anavala nsapato zatsopano."

Sitinadziwe kuti mayi wofulula uja anali ataima pa ngodya ya nyumba, akumva zonse. Anabwera pang'onopang'ono mpaka anaima patsogolo pa mwamuna wake.

"Munandiuza kuti kwanu kulibe munthu," anatero. "Munati onse anatha."

Anamasula mwana kumbuyo, anamuika pa miyendo ya bambo ake, n'kulowa m'nyumba. Tinamva chitseko chikutsekedwa, kenako mpiringidzo. Mwana anayamba kulira. Malemu anamunyamula n'kumamugwedeza, ndipo anatiyang'ana ndi diso lake limodzi lija.

"Chonde, musakawauze. Asiyeni mmene alili. Ine ndinafa basi."

A telala anaimirira, anasasa fumbi pa thalauza.

"Mwana wanu wamkulu uja ali Fomu 2," anatero. "Chaka chilichonse mwezi wa Novembala amakapereka dzina lanu kuti likatchulidwe pa Misa ya akufa. Amapita yekha, palibe amamutuma."

Anatembenuka n'kulunjika ku galimoto.

Pobwerera palibe anaimba. Mowa wonse uja unali utathawa m'mutu. Mphepo inkawomba yozizira, kalipentala anadziphimba kumutu ndi jekete, ndipo nthawi ndi nthawi ankangonena kuti, "Koma zoona? Koma zoona?" A telala anakhala chogwira mpanda wa pikapu, akuyang'ana msewu umene tinkausiya kumbuyo. Titafika pa Kameza dalaivala anaimitsa galimoto pambali, n'kutsika pamodzi ndi mkulu wa kunjanji.

"Tisanalowe m'tauni tigwirizane," anatero mkulu wa kunjanji. Ankaoneka wokalamba kuposa mmene analili m'mawa. "Ine ndi amene ndinakakamiza kuti tiwoloke mtsinje uja. Ndikuti nkhaniyi ithere mu galimoto muno. Mwini wake wanena yekha kuti anafa. Tikaulula tiphwasula mabanja awiri."

"Madala, anthu asanu sangasunge chinthu chotere," anatero dalaivala. "Ndipo ku mudzi kuja amva kale. Wa makala uja afika nayo ku Zingwangwa sabata isanathe. Akazi a telala akaimvere pamsika?"

Onse anayang'ana ine, monga mboni ya ukwati. Ndinkangoona chala chija.

"Ndikawauza ndekha," anatero a telala. "Lero lomwe. Sindingadye nawo mbale imodzi nkhani imeneyi ili m'mimba."

Tinafika ku Zingwangwa dzuwa litangolowa, anthu akubwera kumsika, utsi wa mbaula uli paliponse. Ndinawaperekeza mpaka pa mpanda wawo. Mwana wamkazi wamng'ono uja anawathamangira akufuula kuti, "Ababa abwera!" n'kuyamba kuwapisa m'matumba kufuna kuona chimene amutengera. Ine ndinalowa kwathu n'kukhala pakhonde. Mkazi wanga anandifunsa ngati mowa wakumudzi wandikana. Ndinati ayi. Anandibweretsera madzi osamba, sindinasambe.

Panapita kanthawi kuli zii. Kenako kunamveka kulira. Kunali kulira komwe kuja ndinakumva tsiku limene munthu wa ku Joni anabwera ndi uthenga, kuchokera m'nyumba yomweyo, pakamwa pomwepo. Anthu oyandikana nafe anatuluka akuthamanga, amayi akumanga zitenje, akufunsana kuti wamwalira ndani. Mkazi wanga anandigwira phewa.

"Bambo, kwagwanji kwa a telala?"

"Palibe wamwalira," ndinatero. "Malemu ali moyo."

Anandiyang'ana, n'kundinunkhiza pakamwa.

Sabata yotsatira akazi a telala anapita okha kukaona, pamodzi ndi achimwene awo ndi mwana wamkulu uja. Dalaivala wathu ndi amene anawatenga, ndipo ndi iye anandifotokozera. Anati atafika mayiwo anakana mpando. Anaima pabwalo, anamuyang'ana mwamunayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali. Iye anagwada n'kuyamba kulankhula, koma iwo anakweza dzanja.

"Sindinabwere kudzamva," anatero. "Ndimafuna ndione ndi maso anga. Ndaona."

Mwana uja sanatsike n'komwe mu galimoto. Bambo ake anayandikira pawindo akutsimphina, n'kumutchula dzina. Mwanayo anakweza galasi.

Abale a ku Nsanje anabwera, ndipo panali milandu ya ankhoswe imene inatenga miyezi. Ena mwa abalewo ankati mkazi ndi wa mbale wawo, abwerere kwa mwamuna wake popeza wapezeka. Mayi aja anawauza pamaso pa onse kuti mwamuna wawo iwo anamulira chaka chathunthu, ndipo amene ali ku Lirangwe sakumudziwa. Mayi ake a malemu, amene anali atakalamba kwambiri, anangopempha kuti awatengere mwana wawo amugwire. Anamutengera ku Nsanje. Ndinamva kuti anamupapasa nkhope, anamumenya khofi, kenako n'kumuphikira nsomba. Anakhalako masabata angapo n'kubwerera kutsidya kwa mtsinje kuja. Mayi wofulula anali atamutsekera kunja kwa nthawi, iye akugona m'chisakasa cha omwa, koma pomaliza anamutsegulira. Anali ndi mwana wake, ndipo mbuzi zinkafuna woweta.

Cholemera kwambiri chinachokera kutchalitchi. Ansembe anawaitana a telala ndi akazi awo, ine ndinapita nawo monga mboni. Anali munthu wachifundo, ndipo ankaoneka kuti zikumupweteka, koma ananena mosabisa kuti popeza mwamuna woyamba ali moyo, ukwati woyamba ulipobe, ndipo wachiwiri uja pamaso pa mpingo sunakhalepo. Palibe amene analakwa mwa iwo awiri, anatero, koma ngati apitiriza kukhala monga mwamuna ndi mkazi sangalandire Ukaristia kufikira nkhaniyo itaweruzidwa ndi akuluakulu a mpingo. A telala, amene chibadwire anali asanajombepo kulandira, anamvetsera atagwira chipewa pa mawondo.

"Ndiye kamwana kathu kaja ndi ka ndani, abambo?" anafunsa.

"Ndi kanu," anayankha ansembe. "Zimenezo palibe angasinthe."

Potuluka, pa masitepe, akazi awo anawagwira dzanja pamaso pa anthu, chinthu chimene amayi a msinkhu wawo sachita. "Tiyeni kunyumba, bambo," anatero. "Ana sanadye."

Pamsika nkhani inali m'kamwa mwa aliyense. Anthu ankabwera pa makina a telala ndi malaya osang'ambika kuti angowaona nkhope, ndipo anyamata ankawatchula kuti wokwatira mkazi wa mzukwa. Chaka chisanathe anasamukira ku Machinjiri, kumene anapeza kakhonde kena kosokera. Mwana wamkulu sanapiteko kwa bambo ake mpaka lero. Wamng'ono, amene sankawakumbukira n'komwe, ndi amene anayamba kupitako pa holide atakula, n'kumabwerako ndi nandolo ndi nkhuku.

Ine ndinakumana naye kamodzi kokha malemu pambuyo pa zimenezi, pa Lunzu tsiku la msika, akugula mapira. Tinapatsana moni. Anafunsa za ku Chirimba, ngati makina aja adakalipo. Ndinati anagulitsidwa. Tinaima pamenepo ngati anthu oyembekezera basi, kenako aliyense anapita njira yake.

Nkhani ya ku mpingo sinathe msanga, ndipo mmene ndikulemba pano sindinamve kuti inatha. Kamwana kakamuna kaja katakula n'kufika polandira Ukaristia woyamba, a telala anandiitana ku Machinjiri. Anali atamusokera malaya oyera ndi kathalauza kakuda. Tinakhala benchi limodzi chakumbuyo, ine, iwo ndi akazi awo. Nthawi yolandira itakwana anthu anaimirira n'kuyamba kupita kutsogolo mzere ndi mzere. Awiriwo anapinda miyendo kuti ena adutse, n'kukhala pomwepo, akusuzumira pakati pa mapewa a anthu kuti amuone mwana wawo. Mzere wathu utafika ndinaimirira, kenako ndinakhalanso pansi. A telala anandigwira bondo.

"Pitani, amwene," ananong'ona. "Inu mulibe mlandu. Mukamuonere pafupi, mudzatiuze ngati kolala yakhala bwino."

Ndinapita. Kolala inali itapindika mbali imodzi, ndipo ndinamuwongolera asanafike kwa ansembe.